Musamuseke mwana wowerenga magalimoto pamseu

Nthawi yokolola yapitayi, pamsika wathu wa m'mbali mwa mseu wa Great East panabwera mtsikana wacilendo. M'mawa uliwonse anali kukhala pa kampando pansi pa mtengo wa mango, atabvala cijasi cowala conga ca anthu okonza miseu, buku lili m'manja, kakamera atakamangirira kunthambi. Sanali kugula kanthu, sanalinso kugulitsa. Iye kwake kunali kupenya malole, mabasi, mahonda, njinga, ngolo za ng'ombe ndi ana a sukulu odumpha mseu, kenaka n'kulemba. Anakhala masabata awiri akucita zomwezo.

Mudziwa kale mmene timakambira ife pamsika. Ena anati ameneyu ndi kazitape wa boma, afuna kuticotsa pamseu. Amai ena anati ai, izi ndi za Satana, akulemba anthu oti adzagundidwe. Mkulu wina amene timapemphera naye parishi imodzi anaseka nati, “Makolo ake anagulitsa ng'ombe kuti mwana aphunzire, lero taonani akuwerenga malole monga mwana wa giredi 1.”

Safunsa anadya phula, tsono ine ndinapita kukafunsa mwini wake. Anaimirira, nandilonjera mwaulemu, nati, “Atate, ndine wophunzira za uinjiniya wa miseu, ndikucita digiri yaciwiri. Sindikuwerenga ngozi zocitika ai. Ndikuwerenga zija zotsala pang'ono kucitika.” Anandionetsa buku lake. Nthawi iliyonse woyendetsa akaponda mabuleki mwadzidzidzi, kapena mwana akabwerera m'mbuyo cothamanga, kapena wa njinga akathawira kumacire, iye anali kulemba nthawi yake, malo ake ndi liwiro la galimoto. Masamba odzaza kwambiri anali a nthawi imene ana amaweruka kusukulu ndi ya madzulo dzuwa likamalowa, ndipo malo ake anali amodzi-modzi: paja pamene mabasi amaima kuti anthu agule matimati, ogulitsa n'kumadumpha mseu potulukira kumbuyo kwa basi.

Ndalemba nkhani ino kuti ndinene cinthu cimodzi kwa inu Akhristu anzanga ndi alimi anzanga. Mwana uja sakutaya nthawi, ndipo ng'ombe za makolo ake sizinapite pacabe. Nchito imene wasankha ndi imodzi mwa nchito zopulumutsa miyoyo, ndipo ngati sitimuthandiza, adzaisiya kapena adzapita nayo kwa eni ake ena kunja.

Tiyambe ndi kukula kwa bvuto. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti m'caka ca 2021 anthu pafupi-fupi 1.19 miliyoni anafa pa ngozi za pamseu, ndi kuti palibe cimene cimapha ana ndi acinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa mseu. Kuno kwathu, mu 2021 ndi mu 2022 apolisi anawerenga anthu oposa 2,000 pa caka. Ndiye kuti anthu 5 kapena 6 tsiku lililonse, ndipo gawo lalikulu la iwo sanali m'galimoto konse: anali oyenda pansi ndi okwera njinga, anthu onga inu ndi ine. Tonse tikumbukira ana a sukulu oposa 40 a ku Kawambwa amene anafa mu Epulo 2005 lole imene anakwera popita kucuti itagubuduzika. Tikumbukiranso anthu oposa 50 amene anafera ku Chibombo pa 7 Febuluwale 2013. Koma maliro ambiri a pamseu samveka pa wailesi. Amalira ndi mudzi umodzi, kwaya iimba, Abambo adalitsa manda, basi zatha.

Akulu anati tsoka silinunkha. N'zoona. Koma tsoka la pamseu limasiya mapazi. Mlimi akapeza mapazi a ng'ombe pafupi ndi mpanda wa dimba lake, sayembekeza kuti ndiwo zidyedwe kuti adziwe pamene pali mpata. Amatseka tsiku lomwelo. Zimene anali kulemba mtsikana uja ndiwo mapazi amenewo.

Njira imeneyi sanaipange yekha. Inakonzedwa ku yunivesite ya Lund, m'dziko la Sweden, m'zaka za m'ma 1970. Kumeneko kunali wofufuza wacinyamata dzina lake Christer Hydén, amene anaona kuti kuyembekeza anthu afe pamphambano kuti mudziwe kuti mphambanoyo ndi yoipa n'kucedwa, ndiponso n'nkhanza. Iye ndi anzake anaphunzitsa anthu kuima m'mbali mwa mseu ndi kuyerekeza kuti, pamene woyendetsa wayamba kupewa, panatsala kanthawi kotani kuti agunde. Ngozi zotsala pang'ono kucitika ndi zambiri kuposa ngozi zeni-zeni, motero m'masiku ocepa munthu atha kudziwa zimene mabuku a apolisi akanamuuza patapita zaka. Hydén analandira digiri yake ya udokotala wa maphunziro pa nchito imeneyi mu 1987. Lero njira yake yafika pansi pa mtengo wa mango kwathu kuno kum'mawa.

Panalinso wina wa ku Sweden komweko, Göran Nilsson. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, boma la dzikolo linasintha kangapo malire a liwiro pamiseu yake. Nilsson anatenga ziwerengero za ngozi, nayerekeza zimene zinacitika liwiro litakwera ndi zimene zinacitika litatsika. Anapeza lamulo limene mainjiniya a padziko lonse amagwiritsa nchito mpaka lero. Lamulo lake likuti ngozi zopha anthu sizikwera mofanana ndi liwiro, zimakwera modumpha. Magalimoto a pamseu wina akacepetsa liwiro ndi 5 peresenti cabe, ngozi zopha anthu zimatsika ndi pafupi-fupi 20 peresenti. Koma akacoka pa makilomita 80 pa ola kufika pa 100, ngozi zopha anthu zimaposa kuwirikiza kawiri. Nilsson anayamba kufotokoza zimenezi mu 1981, ndipo digiri yake ya udokotala anailandira ku Lund mu 2004. Werengani nokha zaka zimenezo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiike zimenezi m'cinenero ca pamsika. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita 28 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akaona mwana, asanaponde n'komwe mabuleki, wadutsa kale mamita amenewo. Kuti galimoto yaing'ono iime pamseu wouma, ifuna mtunda wotsala pang'ono kufanana ndi bwalo la mpira, ndipo lole yodzaza cimanga kapena feteleza ifuna woposa pamenepo. Galimoto yomweyo ikamayenda makilomita 50 pa ola iima pa mamita pafupi-fupi 30. Ndiponso thupi la munthu lili ndi malire ake. Ambiri ogundidwa pa liwiro la makilomita 30 amapulumuka, koma WHO inena kuti kucoka pa 50 kufika pa 65, mpata woti woyenda pansi afe umakula kanayi ndi theka. Apa palibe ufiti. Ndi masamu.

Kodi masamu amenewa anathandiza eni ake? Mu 1970 anthu oposa 1,300 anafa pamiseu ya Sweden. Mu 1997 nyumba ya malamulo ya dzikolo inabvomereza mfundo yakuti munthu sayenera kufa cabe cifukwa cakuti wina walakwitsa pamseu, popeza kulakwitsa ndi kwa munthu aliyense. Anayamba kumanga miseu yokhululukira wolakwa: mipanda ya waya pakati pa mseu kuti magalimoto asagundane maso ndi maso, mphambano zozungulira zokakamiza woyendetsa kucepetsa liwiro, ndi liwiro lotsika pamene pali ana ndi oyenda pansi. M'zaka za posacedwa anthu akufa pamiseu yao sakwana 300 pa caka, cikhalireco magalimoto anacuruka kwambiri kuposa kale.

Wina adzati, amenewo ndi Azungu a ndalama, ife tingathe bwanji? Tiyeni tipite ku Ghana. Pamseu waukulu wocoka ku Accra kupita ku Kumasi pali mphambano ya Suhum, pamene panali kufa anthu ambiri, maka-maka oyenda pansi. Ofufuza a m'dzikolo, mmodzi wa iwo Francis Afukaar wa ku bungwe lofufuza za miseu ku Kumasi, anaonetsa kuti bvuto lalikulu linali liwiro. Panaikidwa tizitunda ting'ono-ting'ono todutsa mseu, tija timagwedeza galimoto ndi kupanga phokoso kuti woyendetsa acepetse. Lipoti la WHO ndi World Bank la mu 2004 linanena kuti pamalopo ngozi zinatsika ndi pafupi-fupi 35 peresenti, ndipo imfa zinatsika ndi 55 peresenti, pa mtengo wocepa kwambiri poyerekeza ndi kumanganso mphambano yonse. Sipanafunike cuma ca Sweden. Panafunika munthu wodziwa kuwerenga, ndi akulu-akulu omumvera.

Tsopano ndiyankhe mau atatu amene ndamva pakati pathu.

Oyamba ndi akuti imfa ndi cifuniro ca Mulungu, tsiku lako likakwana lakwana. Ine ndine Mkhristu, ndipo sinditsutsa kuti moyo uli m'manja mwa Mwini wake. Koma tsegulani buku la Deuteronomo, mutu 22 ndime 8. Kumeneko munthu womanga nyumba yatsopano akulamulidwa kuika kampanda kuzungulira denga lake, kuti wina akagwa mlandu wa magazi usakhale pa nyumbayo. Taonani, lamulolo silikuimba mlandu wogwayo kuti anali wosasamala. Likulankhula ndi womanga. Uinjiniya woteteza anthu pamseu ndiwo kampanda komweko. Kupempherera ulendo basi isananyamuke n'kwabwino, koma pemphero silicotsa udindo wa womanga mseu, kapena wa ife amene timakweza kwaya yonse pa kanta yopanda mipando popita kumsonkhano.

Aciwiri ndi akuti, zofufuza n'zaciani pamene tonse tidziwa kuti oyendetsa amathamanga ndipo ena amamwa mowa? Inde tidziwa. Koma kudziwa matenda si kudziwa mankhwala. Mseu wa Great East kucokera pa ulalo wa Luangwa kudutsa Nyimba, Petauke, Sinda, Katete ndi Chipata mpaka ku Mwami unakonzedwa bwino m'zaka za m'ma 2010, ndipo tonse tinakondwa cifukwa mbeu zathu zimafika msanga kumsika. Koma mseu wosalala umaitana liwiro, ndipo misika, masukulu ndi machalichi athu ali m'mbali mwake. Mwana akagundidwa, mkwiyo umatigwira, ndipo m'malo ena anthu amaunjika dothi ndi miyala pamseu usiku kuti apange hampu yao. Hampu yotero ilibe cikwangwani, ilibe penti, ndipo amene imamugwetsa ndi wa honda wonyamula mai wodwala kupita kucipatala. Pena cofunika si hampu konse ai. Mwina n'kusuntha poimira mabasi, mwina njira ya oyenda pansi ndi njinga m'mbali, mwina kutembenuza geti ya sukulu kuti isayang'ane kumseu, mwina nyali. Wodziwa kusankha pakati pa zimenezi ndiye mwana uja wa pansi pa mtengo wa mango.

Ife alimi sitiyenera kudabwa nazo. Nshawa za MGV 4 zimene ambiri tinalimapo zili ndi dzina la Msekera, malo ofufuzira za ulimi pafupi ndi Chipata. Kuti mbeu ifike m'manja mwathu, panali anthu ophunzira amene anakhala zaka akuwerenga makoko a nshawa m'timinda ting'ono-ting'ono, odutsa n'kumawaseka. Lero palibe amene amaseka. Wowerenga nshawa ndi wowerenga malole nchito yao ndi imodzi.

Mau acitatu ndiwo olemera, ndipo sindingawakane. Akuti ana amenewa akamaliza, mabuku ao amakaikidwa pa shelefu kuyunivesite n'kumadyedwa ndi fumbi, eni ake n'kumayendayenda ndi makalata ofunsira nchito. Taganizani njira imene mwana wotere amayenda. Digiri yoyamba ya uinjiniya imatenga zaka 5. Yaciwiri imatenga zina ziwiri, ndipo ya udokotala zitatu kapena kuposa. Nthawi yonseyo anzake amene anaphunzira nao ali kumigodi ku Solwezi kapena ku makampani omanga, amanga nyumba, atumiza feteleza kumudzi. Iye ali padzuwa ndi buku. Ndipo nchito yake ikayenda bwino, palibe comwe cimaoneka. Dokotala akaciritsa mwana, makolo amabwera ndi nkhuku. Koma mwana amene sanagundidwe sadziwa n'komwe kuti anapulumutsidwa, ndipo palibe amene amapita kukathokoza. Nanga tidabwa bwanji mwana wotere akalandira kalata yocokera kunja n'kupita osabwerera?

Apa ndipo ndilankhule ndi akulu-akulu. Malamulo a mu 2002 anakhazikitsa bungwe la RTSA loona za citetezo ca pamseu ndi la RDA loona za kumanga ndi kusamala miseu. Dziko lathu linagwirizananso ndi maiko ena ku United Nations pa colinga cakuti pakati pa 2021 ndi 2030 imfa za pamseu zicepe ndi theka. Colinga cimeneco sicingakwaniritsidwe ndi zikwangwani za mau okoma ndi maroadblock okha. Cifuna anthu ophunzira za nchitoyi, olembedwa nchito m'mabungwe amenewa ndi m'makhonsolo a m'maboma, osati ku Lusaka kokha. Mseu uliwonse watsopano uyenera kuyamba wapendedwa ndi munthu amene funso lake ndi limodzi: kodi mwana wa giredi 1 adzadumpha pati? Ndipo mayunivesite athu alamule kuti wophunzira aliyense wofufuza pamudzi abwerere kukauza eni mudzi zimene anapeza, m'cinenero cao, pamaso pa mfumu ndi khansala.

Koma mutu umodzi susenza denga. Ifenso tili ndi mbali yathu, ndipo si ya ndalama.

Coyamba, tiziwalandira ana amenewa. Akabwera ndi kalata, mfumu ndi atsogoleri a chalichi alengeze kuti anthu adziwe cimene abwerera, mphekesera za Satana zithe. Tiwauze zimene tidziwa, pakuti palibe kamera imene idziwa mseu wathu kuposa mai amene wagulitsa matimati pamenepo zaka 20.

Caciwiri, tizilemba. Ngozi zambiri za kumidzi sizifika m'mabuku a apolisi. Wa njinga akagundidwa timakambirana pamudzi, woyendetsa alipira mbuzi kapena ndalama, nkhani yatha. Munthu akamwalira kucipatala patapita masabata, pena palibe amene amabwerera kukanena kuti imfayo inayambira pamseu. Tsono pamene akulu-akulu agawa ndalama poyang'ana ziwerengero, malo athu amaoneka ngati abwino. Ngozi iliyonse tizikainena kupolisi. Ndiponso parishi iliyonse ili ndi buku la ubatizo, la maukwati ndi la omwalira. Cingatilepheretse n'ciani kukhala ndi kabuku kena, kosungidwa ndi mlembi wa mphakati uliwonse wa m'mbali mwa mseu, kolembamo tsiku, nthawi, malo, mtundu wa galimoto, ndi ngati wobvulalayo anali pansi, panjinga kapena pangolo? Maina safunika. Pakatha zaka ziwiri, kabuku kameneko kadzalankhula mokweza kuposa kulira kwathu konse.

Cacitatu, tipite nako kabukuko kumene kuli ndalama. Mu 2022 thumba la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zopempha zimayambira ku komiti ya citukuko ya wadi. Timapempha zipinda za sukulu ndi mijigo, ndipo n'zoyenera. Koma ndani anapemphapo njira yoti ana afikire kusukuluko ali amoyo? Mseu waukulu uli m'manja mwa RDA, motero sitingaukhudze tokha, koma khonsolo ndi phungu atha kugogoda kumeneko, ndipo amagogoda mwamphamvu akakhala ndi ziwerengero ndi lipoti la injiniya m'manja.

Cacinai, tisese pakhomo pathu. Ngolo ya ng'ombe yobwera kucokera kudepoti usiku yopanda conyezimira kumbuyo ndi msampha. Njinga yopanda nyali ndi cimodzimodzi. Wa honda ndi wokwera wake abvale zipewa zolimba zija, osati kuzipacika pa handulo. Ndipo ife a m'makomiti a chalichi, tisanabwereke lole yonyamula anthu 60 kupita kucikondwerero, tikumbukire Kawambwa.

Tsiku lomaliza mtsikana uja asanapite, ndinamufunsa ngati akamaliza maphunziro adzakhala kuno kwathu. Anakhala cete pang'ono, nati, “Atate, ndifuna kukhala. Koma zidalira ngati padzapezeka wowerenga zimene ndalemba.” Ndinalibe comuyankha. Ndinamugulira nthoci za paulendo, ndipo mkulu uja amene anamuseka ndiye anamunyamulira kampando kupita nako pokwerera basi, popeza mdzukulu wake amadumpha pamalo omwewo tsiku lililonse.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukadzaona wina atakhala m'mbali mwa mseu ndi buku, akuwerenga malole padzuwa, musamuseke. Mupatseni madzi akumwa, mumuonetse pamene panagwera anthu, ndipo mumufunse tsiku limene adzabwera kudzatiuza zimene wapeza.